Mwana wa Amisiri Pakona ya Kanema

Amisiri anabadwa osamva, koma m'tauni yonse ya padoko munalibe wowotcherera zitsulo wowaposa. Shedi yawo inali kuseri kwa msika wa nsomba, kuyang'ana kunyanja yamchere, khoma limodzi ndi shopu ya Ometa. Anangula othyoka, mageti odyeka ndi dzimbiri, mawilibala a onyamula ayezi, zonsezo zinkathera pamenepo. Anthu ankaseka kuti ntchito inasankha mwini wake, chifukwa galayinda ikayamba kulira aliyense ankathawa atagwira makutu, iwo ali phee, akungoyang'ana chitsulo chikuduka.

Akazi awo nawonso anali osamva. Anadziwana ali ana kusukulu ya osamva, ndipo tsopano mayiwo ankasoka zovala pakhonde la nyumba yawo. Mwana anali mmodzi yekha, wamkazi, wakumva bwinobwino. M'nyumbamo dzina lake linali chala chimodzi chogunda patsaya, poti akaseka tsaya lakumanzere linkalowa m'kati. Manja ake anayamba kulankhula pakamwa pasanatuluke liwu lomveka.

Kuyambira ali wamng'ono, makutu a nyumba anali iyeyo. Kasitomala akasemphana ndi Amisiri pa muyeso wa geti, ankakamuzula pamasewera. Kuchipatala ankapita nawo, n'kumafotokozera adokotala matenda a akuluakulu amene mwana sayenera kuwadziwa. M'mawa wailesi ikafika pa zanyengo, ankasiya tiyi akuzizira kuti auze bambo ake ngati kukubwera mvula, chifukwa kuwotcherera panja kukunyowa n'kusewera ndi magetsi. Mwanayo sankadandaula, koma Amisiri zinkawapweteka. Ndiye atamaliza maphunziro n'kukhala mphunzitsi wa sekondale mumzinda waukulu, mtima wawo unakhala pansi. Ankati tsopano mwana wawo akulankhula mawu a iye mwini, ndipo ena ndiwo akumvetsera. Padoko ponse anthu anayamba kumutchula kuti Aphunzitsi, ndipo Amisiri akaliona dzina limenelo pamilomo ya munthu ankaweramira chitsulo kubisa kumwetulira.

Nkhani inawapeza Lamlungu lina masana, pa foni yoonana nkhope. Mwanayo ananena kuti wasiya kuphunzitsa. Wailesi ya kanema inkafuna womasulira zanyengo m'chinenero chamanja, anayesedwa pamodzi ndi ena, ndipo anamutenga iyeyo. Azioneka pakona ya kanema, m'kabokosi, tsiku lililonse masana nkhani zikatha.

Mayi ake anakweza manja m'mwamba akuwagwedeza, mmene osamva amaombera m'manja.  Koma manja a Amisiri analankhula mwaukali: kuti iwo sanapse zala zaka zonsezi kuti mwana abwererenso kukakhala pakamwa pa anthu ena, kuti kalasi yonse inali yake lero akukhumbira kakona, kuti ntchito za pakanema lero zilipo mawa palibe. Mwanayo anayankha modekha kuti palibe wamukakamiza. Anati m'mbali mwa nyanja monse muli osamva ambiri, ena asodzi, ena alimi, amene amangoona mapu a mitundumitundu osadziwa ngati akuuzidwa zothawa kapena zodzala. Asanamalize, Amisiri anatembenuzira nkhope kukhoma. Kwa munthu wosamva, kumeneko ndiye kumenyetsa chitseko.

Apa n'kuti chilimwe chili kumapeto. Dzuwa linkatuluka litalusa kale, ndipo kusanafike masana malata a shedi sankagwirika. Mpweya unali wolemera ndi chinyezi. Zochapa zam'mawa zinkafika madzulo zisanaume bwino, thukuta lili kakaka pathupi. Nsomba zinkaonongeka msanga, ayezi ankasungunukira m'njira. Chaka chilichonse nthawi ngati imeneyi a zanyengo ankalengeza mmene masabata otsala mvula isanayambe adzayendere, ndipo padoko aliyense ankachidikira chilengezo chimenecho, eni maboti, okhoma madenga, oyanika nsomba, ngakhale amayi a nyumba za kumunsi kumene mtsinje umathira m'nyanja. Tsiku loyamba la mwana wa Amisiri pantchito linagwera pa chilengezo chomwecho.

M'mawa wa tsikulo akazi awo anaitana anzawo a kusukulu yakale kuti adzaonere limodzi kunyumba. Anasesa, anabwereka mipando kwa aneba, ndipo anawasitira Amisiri malaya oyera n'kuwayala pabedi. Amisiri anawalambalala malayawo n'kuvala ovolosi. Anati nangula wa Akapitawo akuwadikira, ndipo nangula sadziwa za kanema. Akazi awo sanatsutse. Anangowaloza ndi milomo akutuluka, n'kuuza mnzawo amene anali atafika kale kuti zitsulo zonse za padoko zinapeza wozipinda, chatsala chimene anakwatiwa nacho iwocho.

Akapitawo anali nkhalamba ya maboti angapo, yamawu aakulu, yosakonda kudikira. Nangula wawo anali atathyoka dzino limodzi, ntchito yoti Amisiri akanaimaliza tiyi asanatsike m'mimba. Tsiku limenelo inawakanika. Anadula chitsulo chachifupi, anadulanso china, ndodo yowotcherera n'kumangomata ngati ya wophunzira kumene. Maso ankangothawira pamthunzi wa mtengo wa magetsi umene unali kufupika pang'onopang'ono pakhomo la shedi.

Ometa akafuna mnzawo ankamenya khoma la malata ndi chigongono, kuti Amisiri amve kunjenjemera m'tebulo lawo. Masana atakwana, tebulo linanjenjemera. Amisiri sanadzutse mutu. Linanjenjemeranso, iwo anatsitsa chotchinga kumaso n'kuyatsa moto. Kenaka moto unangozima wokha m'manja. Shedi ndi shopu zinali pa mita imodzi ya magetsi, ndipo switchi inali kwa Ometa.

Ometa anaima pakhomo la shedi, lumo lili m'thumba la malaya. Anakhala moyandikana ndi Amisiri zaka zambiri moti anatola chinenero chamanja chawochawo, chopunduka, theka kukodola theka kuvina. Anagunda tsaya ndi chala, analoza kushopu, n'kugwira ovolosi ya mnzawo paphewa. Amisiri anawauza kuti akupita kukangoyatsa magetsi awo basi. Ometa anavomera ndi mutu kuti inde, n'zomwezo, switchi ili m'kati.

M'shopu munali mosaponda phazi. Asodzi anali atakhala pabenchi mothinana, onyamula katundu ataima chakumbuyo, mayi wogulitsa ayezi atatenga mpando wometera n'kuutembenuza. Akapitawo anali kutsogolo, mutu utametedwa mbali imodzi, nsalu idakali m'khosi. Kanema ya Ometa inali pamwamba pa kabati, ndipo inali yosalankhula. Mchere wa mumphepo unadya sipika yake kalekale. Mpira ankaonera pamenepo, mawu akumvera pawailesi ina, ndipo palibe amene ankaona vuto. Lero anthu anabwera kudzaona nkhope ya mwana wa padoko, za mawu palibe anaziganizira. Wina anaseka kuti kanemayi ndi ya pachibale ndi Amisiri. Mayi wa ayezi anamuyankha kuti bola kanemayo, imadziwa kukhala chete.

Amisiri sanalowe. Anatsamira pachitseko, akupukuta manja ndi kansanza ngati munthu wongodutsa.

Nkhani zitatha panaoneka bambo wa suti ataima pambali pa mapu. Pakona yakumunsi panatseguka kabokosi, ndipo mmenemo munali mwana wawo, atavala bulauzi yakuda, tsitsi atamanga kumbuyo, manja atagwirana pamimba. Amisiri anamva pansi pakunjenjemera ndi mapazi a anthu, anaona kukamwa kuli yasa, zala zikuloza. Iwo anaona zina. Anaona mwanayo akumeza malovu, phewa lakumanzere litakwera pang'ono, mmene linkachitira akamalowa m'chipinda cha adokotala ali wamng'ono.  Kansanza kanaima m'manja.

Bambo wa suti anayamba kulankhula, ndipo manja a mwanayo anamasuka.

Anaika nyanja kudzanja lake lamanzere, mtunda kudzanja lamanja, matauni a m'mbali mwa nyanja pakati. Chimene wachiika chinkakhala pomwepo, osasuntha, moti akabwererako munthu sunkafunsa kuti tili kuti. Anati masabata akubwerawa kutentha kuposa mmene kumakhalira nthawi ngati ino, ndipo anafufumitsa masaya, maso atatsinzina, moti ngakhale asodzi osadziwa chizindikiro n'chimodzi chomwe anayamba kudzipepesa ndi zipewa. Anati chinyezi chichuluka, ana ndi okalamba azimwa madzi pafupipafupi. Anati madzi a m'nyanja afunda kwambiri chaka chino, ndipo nyanja yofunda imabereka mitambo.

Amisiri anali mmisiri, ndipo ntchito yoyera ankaidziwa akaiona. Iyi inali yopanda zigamba, yopanda pobwereza. Mwana amene ankamuzula pamasewera ankatola mawu a anthu n'kuwaponya mmene awagwerera m'manja. Uyu ankatenga zimene bambo wa suti akunena, n'kuziyeza, n'kuziwumba mwatsopano kuti zikwane maso. Sanadziwe kuti alowa liti m'shopu, koma anapezeka ataima kumbuyo kwa Akapitawo.

Bambo wa suti analoza mivi yochokera kunyanja kulowera kumtunda. Mwanayo anati m'mawa nyanja izikhala bata, koma dzuwa likapendeka mphepo iziwuka yamphamvu. Anapanga chizindikiro cha mphepo cha kusukulu, manja awiri akuweyula. Kenaka, mothamanga, anasasa pachifuwa ndi nsonga za zala, n'kupitiriza ngati palibe chachitika.

Chizindikiro chimenecho sichinali cha sukulu iliyonse. Mphepo ya masana yochokera kunyanja inkabwezera nthethe za moto pachifuwa pa Amisiri akamawotcherera, iwo n'kumasasa ovolosi, ndipo mwanayo ali kakhanda anaitcha mphepoyo ndi kusasa kumeneko. Ankachidziwa anthu atatu okha padziko.  Amisiri analuma mlomo n'kuyang'anitsitsa kabokosi, osaphethira.

Pamenepo m'shopu zinali zitasintha. Mapu anali atafiira mbali yonse ya kugombe, mivi itachuluka, ndipo kutali pakati pa nyanja panaoneka chinthu choyera chozungulira ngati nkhono. Nkhope ya bambo wa suti inalibe nthabwala. Kuseka kunatha. Akapitawo anadzuka, nsalu ili lendelende, n'kulamula kuti akweze mawu. Ometa anawakumbutsa kuti kanemayo sinalankhulepo chiyambire chaka chatha. Anaimenyabe pambali ndi chikhatho, chithunzi chinagwedezeka, mawu osatuluka. Wina anapotokola wailesi ya mpira n'kupeza nyimbo zokhazokha. Mayi wa ayezi anatulutsa foni, koma kanthu kanangozungulira pagalasi osatsegula. Ndipo mmodzimmodzi, mitu inatembenukira kwa Amisiri.

Iwo anamva dzanja likuwakoka pamkono. Sanacheuke. Anangokweza chikhatho kuti dikirani, maso ali pa mwana wawo, mpaka bambo wa suti anawerama kutsanzika, mwanayo n'kugwirananso manja pamimba, kabokosi n'kutsekeka.

Atatembenuka anapeza shopu yonse ikuwayang'ana pakamwa, mmene iwo anakhalira moyo wawo wonse akuyang'ana pakamwa pa anthu.  Anatenga tsache la Ometa, anasesa tsitsi pasimenti, anthu akufutukira kukhoma. M'thumba la ovolosi munali choko cholembera pazitsulo. Anagwada n'kujambula mzera wa gombe, doko, mtsinje ndi nyumba za kumunsi. Ometa anaima pambali pawo kukhala pakamwa.

Anayamba ndi kutentha. Anajambula dzuwa lalikulu, analoza ana ndi nkhalamba ndi manja, n'kupendeketsa kapu kukamwa kangapo.

"Akuti tizimwa kwambiri," anatero Ometa.

Msodzi wina anafunsa msanga kuti kumwa chiyani, ndipo mayi wa ayezi anamuyankha kuti madzi, asayambe kusangalala. Anthu anaseka, mantha anaphwako.

Amisiri anajambula boti laling'ono likutuluka dzuwa lili m'munsi, n'kulibweza padoko dzuwa lisanafike pamutu. Anajambulanso lina lochedwa, mafunde ataliposa msinkhu, n'kulidula ndi mzera. Izi asodzi sanadikire Ometa, anagwedeza mitu okha. Kenaka mitambo, mphezi, ndi mizera yambirimbiri ya mvula. Analemba mwezi wamawa, n'kuudula pakati. Mvula ifulumira chaka chino, ndipo yoyambayo idzakhala yamphamvu, ya mabingu. Anazungulitsa choko pa nyumba za kumunsi, n'kuonetsa munthu akukumba ngalande, wina akumanga denga. Mnyamata wina wonyamula katundu, amene mayi ake ankakhala kumeneko, anawerama n'kuloza nyumba imodzi pachithunzipo ngati ndi yawodi.

Akapitawo anali asanakhutire. Anaponda ndi nsapato pakati pa nyanja ya choko, n'kuzungulitsa chala m'mwamba. Anawerama mpaka nkhope yawo inayandikira ya Amisiri, n'kulankhula pang'onopang'ono kuti milomo iwerengeke.

"Namondwe uja. Abwera kapena sabwera?"

Amisiri anatambasula chikhatho n'kuchigwedeza uku ndi uku. Akapitawo anakwiya. Anati iwo ali ndi maboti oti awakokere kumtunda kapena awasiye pamadzi, sangagwire ntchito ndi dzanja logwedera, akufuna inde kapena ayi. Amisiri anawayang'ana, anawerama n'kulemba pasimenti ndi zilembo zazikulu kuti MWINA, n'kudula mzera kunsi kwake mpaka choko chinathyoka. Kenaka manja awo analankhula, pang'onopang'ono kuti Ometa asaphonye. Chinthucho chidakali kutali. Chikhoza kukula, chikhoza kufa, chikhoza kukhotera kwina. A zanyengo azinena tsiku ndi tsiku. Anagunda tsaya ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Akuti mwana wawo sananene kuti abwera," anatero Ometa, "ndipo iwo samuikira mawu m'manja."

Akapitawo anayang'ana chithunzi cha pansi. Anakanda mbali yosameta ya mutu wawo. Kenaka anauza mmodzi wa asodzi awo kuti boti lakale lija, lothonya, alikokere kumtunda lero lomwe, enawo azituluka mbandakucha n'kubwerako msanga. Atatero anatembenukira kwa Amisiri, anawagwira dzanja lakuda ndi mwaye, osalisiya.

"Mwabereka, Amisiri."

Milomo ya nkhalamba inabisika m'ndevu, ndipo Amisiri sanaiwerenge. Anayang'ana kwa Ometa. Ometa anagwedeza manja ngati anyamula khanda, anagunda tsaya, n'kukweza chala chachikulu m'mwamba mpaka anaimira zala zakuphazi. Amisiri anangogwedeza mutu kamodzi, ngati munthu wauzidwa kuti geti lake lakhala bwino. Analoza switchi kuti Ometa ayatse, n'kutuluka.

Kushedi anakhala pachitsulo cha njanji chimene ankachiyesa mpando. Anatsitsa chotchinga kumaso, ndodo ili m'manja, koma moto sanauyatse. Anakhala choncho nthawi ndithu, m'kamdima ka galasi lakuda, mapewa akugwedezeka pang'ono. Wodutsa akanati mmisiri akuganizira poyambira. Pambuyo pake nangula wa Akapitawo anatheka kamodzi n'kamodzi, msoko wosalala ngati wa singano.

Pofika kunyumba dzuwa likupendeka anapeza nkhani itawatsogolera, poti mayi wa ayezi anali atadutsa pakhonde n'kuisewera yonse, ndi kugwada komwe. Akazi awo anali akupinda nsalu. Anawafunsa ndi nkhope yosaseka ngati nangula watha. Amisiri anati watha. Anawafunsanso ngati nangulayo ndi amene wawadetsa maondo ndi choko. Amisiri anayang'ana maondo awo. Mayiwo anasiya nsalu, anawayang'ana m'maso, n'kusasa pachifuwa ndi nsonga za zala, kuwafunsa ngati anaona. Amisiri anati anaona. Mayiwo anati iwo analira pamaso pa alendo, ndipo alendowo sanadziwe chowaliza.

Madzulo anamuimbira mwana wawo, foni ataitsamiritsa pachitini cha shuga. Mwanayo anaoneka ali m'chipinda chake, atavula bulauzi yakuda ija, nkhope yotopa koma yowala. Anacheza kaye ndi mayi ake, maso akuthawira pambali pamene panaoneka phewa la ovolosi. Kenaka Amisiri anasendeza mpando n'kulowa pagalasi.

"Ababa, munaonera?"

"Ometa anandizimitsira magetsi. Ndikanatani?"

"Ndiye munaona bwanji?"

Amisiri anakonza kukhala kwawo ngati akuyendera ntchito ya wophunzira. Anati pa mvula anathamanga, achepetseko liwiro, okalamba maso awo si a anyamata. Anati bulauzi yakuda ili bwino, manja amaoneka. Koma panali chimodzi chimene sichinawasangalatse. Akatsitsa manja kuonetsa madzi osefukira, zala zinkatuluka m'kabokosi kunsi, ndipo kangapo konse thupi lake linagwedera ngati ali m'boti. Anafunsa ngati anali mantha.

Mwanayo anaseka mpaka tsaya linalowa m'kati. Anati mantha analipo poyamba, koma kugwedera kunali kwina. Kamera ya kabokosiko anaikhoma pakhoma poyezera munthu wamtali, ndipo iye ndi wamfupi ngati mayi ake. Ndiye anamupatsa kreti ya mabotolo kuti aimepo, ndipo kretiyo mwendo umodzi ndi wosweka.

Nkhope ya Amisiri inasintha. Mwana wawo, pamaso pa dziko lonse, ataima pa kreti yosweka. Anafunsa ngati m'nyumba yonse ya kanemayo mulibe mmisiri ngakhale mmodzi. Anamuuza kuti mawa atenge tepi, ayeze kuchokera pansi kufika pamene mapazi ayenera kukhala, ayezenso malo amene ali nawo m'lifupi ndi m'litali, asayerekeze ndi maso. Mwanayo anavomera, akupukuta misozi ya kuseka. Kenaka anafunsa ndi manja ang'onoang'ono, apafupi ndi chifuwa.

"Koma zinamveka, ababa?"

"Shopu yonse inamva," anatero Amisiri. "Ndi Akapitawo omwe."

Masiku otsatira tebulo linkanjenjemera masana aliwonse, ndipo Amisiri sankadikira kuti linjenjemere kawiri. Ometa anasiya kukolopa pakati pa shopu kuti gombe la choko lisafufutike, ankangowonjezera mivi yatsopano. Asodzi anatola zizindikiro zingapo, cha mphepo, cha mvula, cha mafunde, ndipo ankapatsana moni nazo pamsika, nthawi zina mozondoka. Msodzi wa zakumwa uja tsiku lina anafuna kunena kuti nyanja ili bata, n'kunena kuti apongozi ake agona. Amisiri anaseka mpaka anakhala pansi, kenaka anamugwira zala n'kuzikonza chimodzichimodzi.

Ntchito nayo inawunjikana. A nyumba za kumunsi ankafuna zingwe zachitsulo zomangira madenga, eni maboti ankafuna anangula ndi matcheni. Kutentha kunafika poti Amisiri ankayamba kusanache bwino n'kupumula dzuwa likakhala pamutu. Chinkhono choyera chija chinakula masiku angapo, anthu mitima ili m'mwamba, kenaka chinakhotera kutali n'kukathera pakati pa nyanja. Akapitawo anadandaula kuti anakokera boti kumtunda pachabe. Amisiri anangowalozera pasimenti pamene mawu aja anali akuonekabe, ndipo Akapitawo anati chabwino, botilo linkafunika phula kale.

Chopondapo cha mwana wawo, cholowa m'malo mwa kreti ija, Amisiri ankachipanga madzulo ntchito za anthu zikatha. Anasankha zitsulo zatsopano, osati zotsala. Pamwamba anaika chitsulo chamadonthomadontho chosaterera, m'miyendo anaveka labala kuti chisalire pansi, poti mwanayo anawauza kuti m'chipinda chojambuliramo safuna phokoso. Anaika levulo mbali zonse kuona ngati sichikupendekeka, anaimapo okha n'kudumpha, anaitana Ometa amene anali onenepa kuti nawonso adumphepo. Ngodya zonse anazisalaza kuti zisakole siketi. Anachipaka penti yakuda, ndipo akazi awo anachisokera chikwama cha nsalu yolimba chokhala ndi zogwirira.

Loweruka m'mawa Amisiri anachisenza paphewa kupita kudepoti. Kondakitala wa basi ya kumzinda anali mnyamata wothamanga magazi, cholembera chili kukhutu. Ananyamula chikwamacho kuyesa kulemera, n'kukodola anzake kuti achiponye pamwamba, pamene panali matumba ndi madengu a nsomba zouma. Amisiri anagwira chikwamacho n'kupukusa mutu. Kondakitala analankhula zambiri, akuloza wotchi, akuloza pamwamba. Ataona kuti bamboyo akungomuyang'ana milomo, anazindikira, n'kufunsa ndi manja otambasula kuti kodi muli chiyani chosati n'kukhala ndi katundu mnzake.

Amisiri anatulutsa foni. Munali chithunzi chimene Ometa anajambula pakanema, chopendekeka, koma nkhope ikuoneka. Analoza mtsikana wa m'kabokosi, analoza chikwama, n'kuonetsa mapazi awiri akuima. Kenaka anadziloza pachifuwa.

Kondakitala anayandikitsa foni kumaso, anayang'ana chithunzi, anayang'ana Amisiri, n'kuyang'ananso chithunzi. Anaitana dalaivala kuti adzaone bambo a mtsikana wa zanyengo uja. Dalaivala anatsika, anawagwira dzanja, n'kugwetsa zala zake m'mwamba ngati mvula kuonetsa kuti amamuonera. Anagwetsa molakwika, koma Amisiri anamusiya. Chikwama chinalowa m'basi, kuseri kwa mpando wa dalaivala, ndipo kondakitala anauza mayi amene anakhala pafupi kuti asaikepo mapazi.

Amisiri anaima pamenepo mpaka basi inatuluka pageti n'kukhota. Kunyanja mitambo inali itayamba kuwunjikana, yakuda kunsi, ndipo mapepala a pamsika anali akuuluka kale ngakhale dzuwa linali lisanafike pamutu. Anakumbukira kuti anasiya malata a kasitomala panja osamanga, ndipo anayamba kuyenda mofulumira kubwerera kushedi.